Wamisala anaona nkhondo

Abale anga, sabata ino ndale ndaziika pambali. Ndikufuna tikambirane za msuweni wanga. Wandilola kulemba nkhani yake, bola dzina ndisatchule.

Mayiyu kwa zaka zambiri anali kapolo wa kachasu. M'mamawa ali kale kotcheza mowa, madzulo akuyankhula yekha mumsewu, ana akumukuwiza. Achibale tinali nawo mayankho athu. Ena ankati walodzedwa, ena ankati ndi ziwanda, ine wa sukulune ndinkati ndi khalidwe loipa basi. Kwa sing'anga tinapita, mbuzi inathera komweko.

Tsiku lina anamwa tameki. Tinathamangira naye kuchipatala china ndipo moyo wake anaupulumutsa, pamenepo ndithokoze. Koma atangotsitsimuka, funso loyamba linali lakuti: “Mayi wamkulu ngati inu, simuchita manyazi?” Ankamufunsa chitseko chili chotsekula, mwamuna wake ali chilili pambali. Atayamba kuphiriphitha, amuna awiri anamupanikiza pabedi nkumubaya jakisoni. Kuchokera tsiku limenelo, ukangotchula chipatala ankathawira kudimba.

Patapita chaka, mlongo wanga anamunyengerera kukaonana ndi namwino wina wa matenda a maganizo. Namwinoyu anauza bambo aja kuti adikire panja, natseka chitseko. Asanamukhudze anayamba wapempha: “Ndikugwireni mkono, amayi?” Kenako anati: “Chinakuchitikirani nchiyani? Ngati simukufuna kunena lero, palibe mlandu.”

Ananena paulendo wachitatu. Ali ndi zaka 13 anagwiriridwa ndi munthu wapachibale, akuluakulu nati nkhaniyo ithere m'nyumba. Kubanja anakapezako zibakera. Kachasu uja ankamwera kuti apeze tulo. Ndipo amuna awiri aja atamupanikiza pabedi, iye anangoona ngati zakale zija zayambiranso.

Njira ya namwinoyu azungu amaitcha trauma-informed care, kutanthauza kuthandiza wodwala pokumbukira kuti mwina anaona zoopsa, ndi kusamala kuti chithandizocho chisatukule chilonda. Sinkhani yongopeka ayi. Mu 1998 madotolo Vincent Felitti ndi Robert Anda a ku America anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti amene anakumana ndi mitundu inayi kapena yoposa ya nkhanza ndi mavuto a m'banja ali ana, chiopsezo chawo chokhala zidakwa chimachuluka kasanu ndi kawiri, ndipo choyesa kudzipha chimachuluka ka 12. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49, m'modzi anachitidwapo nkhanza zomenyedwa. Ndiye mukaona mayi akudzandira ndi botolo, musanaseke dziwani kuti mwina ndi m'modzi wa amenewa.

Malo othandiza alipo: Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ma Victim Support Unit kupolisi, komanso a Chikwanekwane m'zipatala zina. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006. Koma mayi wa kumudzi sayambira ku Zomba. Amayambira pachipatala chaching'ono chakwawo, ndipo akangonyozedwa pamenepo sabweranso.

Tsono a Unduna wa Zaumoyo, pempho langa nali. Mayi afunsidwe ali yekha, chitseko chotseka. Pomwe nkotheka, aonedwe ndi mayi mnzake. Auzidwe chomwe akufuna kumuchita asanamukhudze. Asakakamizidwe kuulula zonse tsiku limodzi. Ndipo zomuuza kuti “kayambeni mwasiya mowa ndiye tidzaone za mutuwo” zithe, chifukwa mowawo ndi maganizowo zimayendera limodzi, zichizidwenso limodzi. Ndikudziwa anamwino ndi ochepa, mizere ndi yaitali. Koma kutseka chitseko sikulira ndalama za madona.

Msuweni wanga sanasanduke mngelo ayi. Masiku ena amaterereka, koma tsopano akaterereka amapita yekha kwa namwino uja. Akugulitsa tomato pamsika, ana akupita kusukulu.

Ine ndimachita manyazi. Zaka zonse zija ndinkamulalikira za khalidwe, osamufunsa ngakhale kamodzi chimene chinamuchitikira. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Wathuyu anaionadi, ife tili pomwepo, ndipo tinangomuseka.

Tikumanenso sabata yamawa.