Dima Lopanda Makasu

Aliyense amene adayesapo kulemba nthano, ndakatulo kapena nkhani yophunzitsa amadziwa kuti akangoika cholembera pansi mtima umayamba kufunsa kuti, "Kodi aziwerenge ndani zimenezi?" Kale funsoli linkayankhidwa ndi mkonzi wa nyuzipepala kapena wosindikiza mabuku. Lero mnyamata kapena msungwana amene wangotsiriza kumene Folomu 4 angathe kuika yekha zolemba zake pa intaneti, koma akatero amapezeka ali ngati wotsatsa tomato pakati pa msika waukulu pamene aliyense akufuula. Apa mpamene mnzake amabwera nkumunong'oneza kuti, "Lowa m'gulu lathu. Iwe uzigawa zathu, ife tizigawa zako, tonse titchuke."

Nzeru imeneyi ndiyo ndifuna kuti tiisinkhesinkhe lero. Ine ndikuti kuthandizana kwa alembi nkwabwino, koma kugawa nkhani imene sudaiwerenge ndi chinyengo, ndipo woyamba kupwetekeka nacho ndi mlembi mwini wake.

Tiyambe taona m'mene magulu amenewa amayendera. Alembi amasonkhana pa Facebook, pa WhatsApp kapena pa Telegram nkupangana lamulo lakuti mmodzi akatulutsa nkhani, onse athamangire kuikapo chizindikiro chakuti aikonda, alembepo mawu oyamikira, ndipo aigawe kwa anthu amene amawatsatira. Wozengereza amadzudzulidwa, wobwereza kulakwa amachotsedwa. Mchitidwewu sudayambe dzulo ayi. M'chaka cha 2011 ku America kudatsegulidwa Triberr, imene inkaika alembi m'timagulu kuti azifalitsirana zolemba pa Twitter, tsamba lija lidasintha dzina kukhala X mu 2023. Ndipo mu 2016, Instagram itasiya kuonetsa zinthu motsata nthawi imene zidaikidwa nkuyamba kusankha ndi makina, magulu otere adachuluka, chifukwa anthu adaona kuti chinthu chimene chalandira chidwi msanga makinawo amachionetsa kwa anthu ambiri. Mu 2020 akatswiri a ku New York University adafalitsa kafukufuku wa magulu oposa 400 a mtundu umenewu amene adawapeza pa Telegram.

Wina anganene kuti, "Nanga choipa nchiyani? Kodi si dima limeneli?" Funsolo nlomveka. Makolo athu ankati munda ukamkulira munthu, iye ankakonza mowa kapena thobwa nkuitana anansi ake kuti adzamlimire, podziwa kuti mawa iyenso adzanyamula khasu kupita kwa mnzake. Paja mutu umodzi susenza denga. Komatu pa dima khasu limalowa pansi, udzu umagwa, ndipo dzuwa likamapendeka mwini munda amaona ndi maso ake ndime imene yalimidwa. Tsono taganizani dima limene anthu makumi asanu afika opanda makasu, aima m'mphepete mwa munda, aomba m'manja nkunena kuti, "Munda wokongola!" kenaka nkumwazikana. Mwini munda angakondwe ndi unyinji wa anthuwo, koma udzu ukhala uli chiimire. Ntchito ya pa dima la alembi ndiyo kuwerenga. Pamene palibe kuwerenga, palibe chimene chalimidwa.

Kodi nzoona kuti anthu amagawa zimene sadawerenge? Mu 2016 akatswiri a ku Columbia University pamodzi ndi a bungwe la INRIA la ku France adafufuza nkhani za nyumba zofalitsa nkhani zisanu, kuphatikizapo BBC ndi CNN, zimene anthu ankagawa pa Twitter. Iwo adapeza kuti mwa malinki 100 alionse ogawidwa, 59 sadatsegulidwe ndi munthu ndi mmodzi yemwe. Vutoli lidakula kotero kuti mu 2020 eni ake a Twitter adayamba kufunsa munthu wofuna kugawa nkhani imene sadaitsegule ngati sangakonde kuyamba waiwerenga. Ngati nkhani za nyumba zotchuka chotero zimagawidwa osawerengedwa, nanga bwanji ndakatulo ya mwana wa sukulu imene munthu akuigawa pongoopa kuchotsedwa m'gulu?

Ndipo ngakhale munthu atakhala ndi mtima wofuna kuwerenga, masamu amamkanira. Tiyerekeze gulu la alembi 50, aliyense akutulutsa nkhani ziwiri pa mlungu. Ndiye kuti membala aliyense ayenera kugawa nkhani 98 za anzake pa mlungu. Nkhani iliyonse itatenga mphindi zisanu zokha, pafunika mphindi 490, ndiwo maola oposa asanu ndi atatu. Mphunzitsi amene ali ndi makope oti achonge sangaipeze nthawi imeneyo, ndipo mnyamata wosaka ntchito sangakwanitse ndalama ya intaneti yake. Chotsatira chake nchakuti onse amangodina ndi kupitirira, aliyense akudziwa mumtima mwake kuti sadawerenge za anzake, koma akudzinamiza kuti anzakewo awerenga zake.

Zotayika pa malonda amenewa nzitatu. Choyamba ndi kukhulupirika. Munthu akagawa nkhani amakhala ngati akuuza abale ndi abwenzi ake kuti, "Ndalawa, nchokoma, idyani." Akawapatsa zosapsa kawiri katatu, iwo amaleka kumkhulupirira, ndipo tsiku limene adzagawe nkhani yakeyake yabwino adzailambalala ngati zinzake zija. Choopsa china nchakuti pakati pa nkhani zosawerengedwazo pangakhale bodza, mankhwala onama kapena mawu onyoza munthu, ndipo dzina la wogawayo limakhala pamwamba pake. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chachiwiri ndi kukula kwa mlembi. Wolemba amakula ndi chidzudzulo. Afunika munthu womuuza kuti ndime yachitatu njosamveka, kapena kuti mathero a nthano yake afulumira. Koma m'gulu m'mene lamulo ndi kuyamikira, nkhani yabwino ndi yoipa zimalandira mawu amodzimodzi akuti, "Zamphamvu, pitirizani." Mphunzitsi aliyense amadziwa chimene chingachitike m'kalasi ana atapangana kuti azichongerana mayeso nkumapatsana onse malikisi 100. Chaka chonse ungakhale chisangalalo, koma tsiku la mayeso a boma misozi singalephere.

Chachitatu nchakuti eni ake a masambawa sagona tulo. Mu December 2017 Facebook idalengeza kuti iyamba kutsitsa zolemba zopempha anthu kuti azikonde kapena azigawe, ndipo mu November 2018 Instagram idayamba kuchotsa zizindikiro za kukonda ndi ndemanga zabodza zochokera ku mapulogalamu otchukitsa anthu. Munthu amene wamanga mbiri yake pa chiwerengero chotere wamanga pa malo a eni, ndipo mwini malo akasintha lamulo usiku umodzi, m'mawa kumacha chiwerengero chija chitagwa, popanda wowerenga weniweni wotsala.

Ndikudziwa kuti alipo amene adzati, "Inu mukulankhula ngati munthu wokhuta. Alembi otchuka ali ndi osindikiza ndi ndalama zotsatsira. Ife osauka chuma chathu ndi anzathu." Mawuwo ngoona, ndipo sindikunena kuti aliyense akhale payekha. Ndikunena kuti gulu likhale la anthu owerengana. Chitsanzo tili nacho kwathu konkuno. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College adayambitsa gulu la alembi, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa adali Jack Mapanje. Iwo ankakumana maso ndi maso, wolemba nkubwera ndi ntchito yake, anzake nkuisenda popanda kunyengerera. M'gulu limenelo mudadutsa alembi monga Frank Chipasula ndi Steve Chimombo, amene zolemba zawo zikuwerengedwa mpaka lero m'sukulu ndi kunja kwa dziko lino. Chidawakweza si kuomberana m'manja, koma kuwerengana ndi kuuzana zoona.

Tsono inu achinyamata, mukafuna gulu, sankhani anzanu asanu kapena asanu ndi mmodzi, chiwerengero chimene mungathe kuwerenga zolemba zake mpaka pa mapeto. Zolakwika uzanani kumbali nkhani isanatuluke. Ikatuluka, gawani yokhayo imene yakukhudzani mtima, ndipo muonjezepo mawu anuanu onena chimene mwapezamo, kuti wokutsatirani adziwe kuti mwaiwerengadi. Pakhale ufulu wokana kugawa popanda chidani. Ndipo poyesa ngati mukupita patsogolo, musawerenge zala zodina. Werengani anthu amene abweranso mlungu wotsatira, amene afunsa funso, kapena amene atsutsa mfundo yanu, pakuti wokutsutsa ndiye wawerenga.

Inunso aphunzitsi, makalabu a zolembalemba m'sukulu zathu ndiwo malo oyamba ophunzitsira mwambo umenewu. Mwana amene wazolowera kuwerenga ntchito ya mnzake asanaiyamikire sadzakopeka ndi chiwerengero chopanda anthu kumbuyo kwake. Njirayi njochedwa, inde, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Owerenga khumi amene amadikira nkhani yanu yotsatira aposa chikwi cha odutsa m'mphepete mwa munda. Dima tiliitane ndithu, koma wobwera abwere ndi khasu.