BA MARKETEER, MUKAPITA KUKAPIMITSA SHUGA, VULANI NSAPATO

Amai na atate a mu msika kuno ku Linda, imwe amene mumauka 04 koloko kukaoda ku Soweto, nimvereniko pang'ono.

Mwezi watha amai anga aang'ono, ogulitsa tomato na kapenta, anapsa phazi. Khala la pa mbaula linagwera mu patapata ali kutumikira kasitomala, iwo osamva kanthu. Mnzawo wa pa tebulo yapafupi ndiye anakuwa atamva fungo. Zaka 6 ali na shuga, mwezi na mwezi ali pa mzere ku kiliniki (sinizaitchula dzina). BP apima, chala alasa, mankhwala akapezeka apatsa. Koma kuwauza kuti "vulani nsapato tione mapazi", olo kamodzi!

Shuga ikakhala yokwera kwa zaka imaononga mitsempha yomvera, ndipo imayambira ku zala za kumapazi. Ena amamva dzanzi, ena ngati nyerere zikuyenda, ena mapazi amatentha usiku. Choopsa maningi ni uja amene samva chilichonse, amaganiza ali chabe bwino. Pafupifupi theka la odwala shuga amafika pa vuto iyi. Manje ganizirani nchito yanu: kuimirira tsiku lonse, misomali, mabotolo osweka, madzi a dothi nthawi ya mvula. Kachilonda kamene simunakamve kamaola, mapeto ake ni ku UTH, kudula mwendo. Nanga pa tebulo azakhala ndani? Ana azadya chani?

Chimene chinikalipitsa ni chakuti kupima kwake nikosavuta. Pali kachingwe ka nayiloni, amakatcha monofilament, kamapindika kakakanikiza na mphamvu ya magalamu 10. Mutseka maso, a nurse akukhudzani nako pansi pa phazi, mukamba ngati mwamva. Mphindi zochepa chabe. Sikafuna magetsi, so apa asatinamize na load shedding olo madzi a ku Kariba. Madokotala amalangiza kuti wa shuga ya akulu apimidwe mapazi atangoipeza, ndiyeno chaka chilichonse.

Boma iyi imakonda manambala, tiyeni tiwerenge nawo. CDF inachoka pa K1.6 million kufika K25.7 million mu 2022, mu 2025 inali K36.1 million pa constituency imodzi. Anatiimbira ng'oma kuti alemba anchito a zaumoyo opitirira 11,000 mu 2022. NHIMA ilipo, anthu amalipira. Imwe levy mumapereka, mwagulitsa olo simunagulitse. Pa ndalama zonsezi, kachingwe ka nayiloni kawakanga?

A nurse sinikuwaimba mlandu. Munthu mmodzi, mzere wafika ku gate, azavula nsapato za ndani? Mlandu uli kwa amene amagawa ndalama. Chimango cha nyumba amachikonda chifukwa pali riboni yodula na makamera. Mwendo umene sunadulidwe saupanga commission, ndiye chifukwa sauwerengera.

Poyembekezera, chitani izi kunyumba. Madokotala a ku Ipswich ku England anapeza njira yosafuna chida: mutseke maso, mwana wanu akhudze pang'ono chabe nsonga ya chala chachikulu, chapakati na chaching'ono, mapazi onse awiri. Ngati zala ziwiri olo kuposa simunamve, pitani ku kiliniki sabata yomweyo. Madzulo alionse yang'anani pansi pa phazi na pakati pa zala, gwedezani nsapato musanavale, ndipo lekani kuotha mapazi pa mbaula.

Tsiku lanu la review, vulani nsapato musanauzidwe, munene kuti "nipimeniko mapazi, mulembe pa khadi." A chairman a msika, tengani nkhaniyi ku Ward Development Committee, a councillor na a MP atiyankhe: tifuna monofilament pa tebulo iliyonse imene amapimirapo shuga, na tsiku limodzi pa mwezi lopima mapazi mu msika mwenimweni. Pa 14 November, tsiku la shuga pa dziko lonse, tizabwera kuzafunsa pamene yafika.

Mlembi wa Achinyamata, Linda