Khungu Likalendewera Thupi Litachepa

Kuno kwathu ku Ntcheu, kuyambira ku Tsangano mpaka ku Bawi, tidazolowera kuyesa moyo wa munthu ndi kukula kwa thupi lake. Mayi wonenepa timati akusungidwa bwino. Akachepa thupi, manong'onong'o amayamba pachitsime. Komatu masiku ano ambiri mwa ife akuuzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ena adaonda ndi chifuwa chachikulu, ndipo tsopano adachira. Onsewa amakumana ndi chinthu chimene palibe adawachenjeza: mnofu wapita, koma khungu latsala likulendewera m'mikono, pamimba ndi m'ntchafu monga malaya obwereka.

Tiyambe ndi kumvetsa chifukwa chake. M'kati mwa khungu muli tiulusi tamitundu iwiri timene madokotala amatitcha kolajeni ndi elasitini. Toyambato timalimbitsa khungu, tinato timalibweza likatamuka, monga umachitira mphira wa legeni. Mphira ukakhala chikokere nthawi yaitali subwereranso bwino. Chomwechonso khungu limene lidatamuka zaka zambiri, makamaka la munthu wachikulire kapena wosuta fodya. La wachinyamata limabwerera msanga. Choncho khungu lolendewera si matenda, ndiponso si chizindikiro chakuti munthu walodzedwa.

Nanga tichitenji? Poyamba, amene akuchepetsa thupi asathamange. Azaumoyo amalangiza kuti kutsika ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata nkokwanira. Kudzimana chakudya kumadya mnofu pamodzi ndi mafuta, ndipo khungu limatsala lopanda polikhalira. Nsima ichepe, koma ndiwo zomanga thupi zisasowe: nyemba, nandolo, soya, mazira, usipa ndi masamba otendera. Ntchito yolimbitsa minofu, monga kulima, kupalasa njinga ndi kukwera zitunda zathuzi, imadzaza pang'ono malo amene mafuta adasiya. Tsono tidikire, pakuti khungu limapitiriza kubwerera kwa chaka chathunthu, mwina ziwiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiwiri ndi ukhondo. Pamene khungu lapindana pamabisala thukuta, ndipo m'nyengo yotentha ya Okotobala pamayamba kuyabwa, kufiira ndi kununkha. Pamenepo pasambitsidwe ndi sopo tsiku ndi tsiku, papukutidwe mpaka paume. Zovala za thonje nzabwino kuposa za nailoni. Pakatuluka zilonda, makamaka kwa wodwala shuga, tisataye nthawi ndi zitsamba. Tipite kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa boma.

Chachitatu, tisunge ndalama zathu. Mafuta odzola amafewetsa khungu, koma palibe amene angalibweze likatamuka kwambiri. Choopsa koposa ndi mapilitsi onenepetsa amene amagulitsidwa mobisa m'misika. Ena mwa iwo amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso amafooketsa khungu lomwelo. Khungu lochuluka zedi limachotsedwa ndi opaleshoni yokha. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Imasiya zipsera, ndipo madokotala amayamba adikira kuti sikelo ya munthuyo ikhazikike kwa miyezi yambiri. Ambiri mwa ife sitidzaifuna.

Pali chenjezo limodzi. Munthu akamaonda osadziwa chifukwa, akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, asakhale pansi. Akayezetse chifuwa chachikulu, shuga ndi HIV. Kuyambira chaka cha 2004 mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo ambiri amene tidawalira ali moyo lero akulima minda yawo.

Koma mankhwala a lilime lathu sapezeka kuchipatala. M'zaka za m'ma 1990, pamene tinkaika maliro sabata ndi sabata, tidaphunzira kuopa munthu woonda, ndipo mantha aja adasanduka miseche. Alipo amayi amene adamvera dokotala, nachepetsa thupi, koma adasiya kupita ku Mvano chifukwa cha maso a anzawo. Ena adabwereranso ku kunenepa kumene kudawadwalitsa, pofuna kutseka pakamwa pa anthu. Kodi mlandu umenewo ngwa yani?

Inu abambo, thupi la mkazi amene adakuberekerani ana si loseka. Inu anyamata ndi atsikana, musawapatse aphunzitsi kapena anzanu maina onyoza chifukwa cha mikono yolendewera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnansi akachepa thupi, timufunse yekha mwaulemu mmene akupezera, m'malo mofunsana kuseri. Akatiuza kuti shuga watsika ndipo miyendo yasiya kutupa, tikondwere naye, timuperekeze poyenda m'mawa.