ZA M'MAKOMBONI: Kodi mngelo angachule mfiti?

Masiku ano mau akuti mngelo amamveka kwambiri m'makomboni a Lusaka. Ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi kwina kotere kuli aneneri amene amapempherera anthu m'nyumba zalendi ndi m'makalasi a sukulu, ndipo ena mwa iwo amati mngelo amawanong'oneza gwero la bvuto la munthu aliyense. Nkhaniyi ikukhudza inu awerengi a kumudzi, cifukwa kawirikawiri munthu amene amachulidwa kuti ndiye watseka mwai wa nchito kapena wamanga ubereki ndi agogo kapena azakhali amene ali phee ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza. Mukangoona mwana waleka kutumiza ndalama ya feteleza, lamya sayankha, pamaliro akukana nsima ya pakhomo panu, mwina mlandu wanu unaweruzidwa kale ku Lusaka inu kulibe.

Popeza mabanja ambiri a m'makomboni ndi a kumidzi ndi Akatolika, ndipo mpingo wao umakumbukira angelo akulu pa 29 Seputembala ndi angelo osunga anthu pa 2 Okutobala, nkoyenera kufotokoza zimene mpingowo umaphunzitsa.

Mpingo wa Katolika umati angelo alikodi. Msonkhano waukulu wa Lateran wa m'caka ca 1215 unatsimikiza kuti Mulungu analenga zooneka ndi zosaoneka zomwe, ndipo Katekisimu wa m'caka ca 1992 amabwereza kuti angelo ndi zolengedwa zopanda thupi, zokhala ndi nzeru ndi ufulu wosankha, zosafa. Sali mizimu ya makolo. Mzimu wa kholo unali munthu wobadwa, wa mfunda wake, amene analima ndi kubala ana. Mngelo sanabadwepo, alibe mfunda, ndipo safuna nsembe ya ufa kapena ya mowa. Pamaliro a khanda timamva anthu akuti mwanayo wasanduka mngelo. Awa ndi mau otonthoza, ndipo palibe amene angadzudzule mai wolira cifukwa ca iwo, koma mpingo umati munthu amakhalabe munthu ngakhale kumwamba.

Augustine Woyera anaphunzitsa kuti mau akuti mngelo amachula nchito, ndiye kuti mthenga. Ife a kum'mawa timadziwa kapaso wa mfumu. Kapaso amanyamula mau a mfumu, saonjezapo ake, ndipo munthu wamba sangamuitane kuti azimutumikira iye. Nacenso cipembedzo sicipita kwa mngelo: m'buku la Cibvumbulutso, Yohane atagwada pamaso pa mngelo, mngeloyo anamuletsa.

Nkhani imene imaonetsa bwino khalidwe la mngelo ili m'buku la Tobiti, limene limapezeka m'Baibulo la Akatolika koma mulibe m'Buku Lopatulika lija la m'nyumba zambiri. Tobiti anali nkhalamba ya ku Nineve imene inacita khungu. Anatuma mwana wake Tobiasi ku dziko la Mediya kukatenga ndalama zimene anasungitsa kwa mbale wake, ndipo mnyamatayo analemba munthu womuperekeza, osadziwa kuti ndi mngelo Rafaeli. Pamtsinje wa Tigrisi anagwira nsomba, Rafaeli namuuza kuti asunge mtima, ciwindi ndi ndulu yake ngati mankhwala.

Ku Mediya kunali mtsikana dzina lake Sara, amene amuna asanu ndi awiri anamwalira mmodzimmodzi usiku wa ukwati wao. Taganizani zimene zikananenedwa pamudzi panu. Ngakhale pakhomo pa atate ake anamunyoza kuti ndiye wapha amunawo, kufikira iye analakalaka imfa. Rafaeli atafika sanaloze cala munthu aliyense, kaya Sara, kaya amai ake, kaya wanchito. Analangiza Tobiasi kuti afukize mtima ndi ciwindi ca nsomba ija, mzimu woipa unathawa, awiriwo anapemphera, ukwati nulimba. Atabwerera ku Nineve, ndulu ija inatsegula maso a nkhalamba. Tobiti ndi mwana wake anafuna kupatsa mlendoyo theka la cuma conse cimene anabwera naco, koma iye anadziulula, nawauza kuti athokoze Mulungu, nacoka osatenga kanthu. Amene analipirapo makwaca kuti amve mau a mngelo ayerekeze yekha.

Maina a angelo amene mpingo umalola ndi atatu okha: Mikaeli, Gabrieli ndi Rafaeli. Lamuloli lili ndi mbiri yake. Zaka zoposa 1,200 zapitazo, m'dziko limene lero ndi France, munthu wina wochedwa Aldebert ankati mngelo anamubweretsera zinthu zopatulika, ndiponso kuti ali ndi kalata yocokera kumwamba. Ankauza anthu kuti macimo ao amawadziwa asanaulule, ankagawa zikhadabo ndi tsitsi lake ngati zithumwa, ndipo ankapemphera pochula maina a angelo osadziwika. Msonkhano wa ku Roma wa m'caka ca 745, pansi pa Papa Zachary, unamutsutsa pamodzi ndi mainawo. M'caka ca 2001 likulu la mpingo linakumbutsanso kuti mwambo wopatsa angelo maina ena usalimbikitsidwe. Mukamva mbiri ya Aldebert mungayese ndi ya mneneri wa dzulo ku komboni.

Lusaka yomwe inaonapo ludzu la anthu pa za mizimu. Ambuye Emmanuel Milingo, mwana wa kum'mawa amene anakhala Arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1969, anayamba kupempherera odwala ndi ogwidwa mashawe m'caka ca 1973, ndipo makamu anali kusonkhana. Anaitanidwa ku Roma mu 1982 natula udindo mu 1983. Pambuyo pake, pa milandu ina, anacotsedwa pa unsembe mu 2009. Iwo anacoka, koma ludzulo linatsala, ndipo pamene nchito zisowa ndi matenda acuruka, wolimwetsa sasowa.

Mfundo imene ndiona kuti ndi yaikulu ndi iyi. Mpingo umaphunzitsa kuti angelo ena anapandukira Mulungu mwa kufuna kwao, ndipo mtsogoleri wao ndiye Satana. Dzinalo m'Cihebri limatanthauza mdani kapena woneneza, ndipo Cibvumbulutso cimamucha woneneza abale. Paulo Woyera anacenjeza Akorinto kuti iye amatha kudzionetsa ngati mngelo wa kuwala. Tsono mau obwera m'dzina la mngelo, amene cipatso cake ndi kudanitsa mwana ndi amai ake, Mkatolika ali ndi cifukwa cokwanira cowakayikira. Angelo a m'Malembo amalengeza kubadwa kwa mwana, amacenjeza Yosefe kuti athawe ndi banja lake, amatulutsa Petro m'ndende. Palibe amene anatumidwa kukachula mfiti pakati pa abale.

Za mngelo wosunga munthu, mpingo umatsamira pa Mateyu 18:10, pamene Yesu analetsa kunyoza ana cifukwa angelo ao amaona nkhope ya Atate nthawi zonse. Umati munthu amazingidwa ndi cisamaliro cao kuyambira ciyambi ca moyo kufikira imfa. Nayonso nkhalamba yonenezedwa ija ili ndi wake. Koma kusunga kumeneku sikulowa m'malo mwa cipatala. Pamene kolera inabuka mu Lusaka mu 2017 ndi mu 2023, nikantha makomboni monga Kanyama, gwero lake linali madzi oipitsidwa ndi zimbudzi, ndipo Rafaeli yemwe, paja, anagwiritsa nchito mankhwala.

Inu amene mwachulidwa ndi mneneri wa ku tauni, musangolira m'nyumba. Uzani akulu a mphakati kapena wansembe wa parishi yanu kuti akuthandizeni kukambirana ndi mwana wanuyo. Zikakanika, pitani kwa amfumu kapena kupolisi, pakuti lamulo la Zambia lokhudza ufiti, Caputala 90, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wotero angathe kuimbidwa mlandu kukhoti ngakhale atanena kuti anauzidwa ndi mngelo.