Unyinji wa pamsonkhano si mavoti

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za momwe zipani zimasankhira munthu woti adzaziimirire pa mpando wa pulezidenti.

Ku America mamembala wamba amavota okha, dera ndi dera, kuti asankhe munthuyo. Kuno kwathu ntchitoyi ili m'manja mwa nthumwi za ku msonkhano waukulu wa chipani. Nthumwizo zimati zikudziwa zimene ife akumudzi tikufuna. Zimadziwa bwanji? Zimawerenga mitu ya anthu pa misonkhano ya ndale, kenako n'kumvera mafumu ndi apampando a m'madera.

Ife a ku chigwa cha Shire tikudziwa momwe unyinji umapangikira. Lole imafika m'mudzi m'mamawa, amayi amalandira nsalu, anyamata amalandira ya sopo. Yemwe wavina pa Ngabu Loweruka akavinanso pa Bangula Lachitatu atavala makaka ena. Sindikumunena ayi, nsalu ndi nsalu. Koma amene akumuwerenga ngati voti akudzinamiza yekha.

Mu 1993 misonkhano ya Ngwazi inkadzaza, koma pa 14 June anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasiya tambala wakuda n'kuvotera nyali. Mu 2014 bungwe la Afrobarometer linafufuza n'kunena kuti a Peter Mutharika ali patsogolo. Ena analinyoza poona makamu a Mayi Joyce Banda. Chisankho chitachitika, a Mutharika anapambana ndipo mayiwo anakhala achitatu.

Bodza lina ndi lakuti ukakopa munthu mmodzi wamkulu ndiye kuti wakopa chigwa chonse. Zoonadi, mu 2004 anthu kuno anatsatira Mbuya Gwanda Chakuamba atachoka ku MCP. Koma pambuyo pake MCP inadalira malemu a Sidik Mia, ndipo mu 2020 mavoti ambiri a pulezidenti ku Chikwawa ndi ku Nsanje anapitabe kwa a Mutharika.

Kafukufuku wochitidwa bwino amafunsa anthu ochepa, mwina zikwi ziwiri, osankhidwa mwamaere m'dziko lonse. Ena amadabwa kuti anthu ochepa chotere angayankhulire bwanji dziko. Mayi akamalawa mchere samaliza mphika wonse, bola avundule bwino. Nkhani yagona pa kuvundulako. Wofunsayo asathere pa Nchalo ndi pa Dyeratu chifukwa pali tala. Awoloke Shire akafike kwa Mlolo, atsike mpaka ku Marka, afunse m'Chisena kapena m'Chimang'anja, amayi ndi abambo omwe.

Ndipo afunse munthu ali yekha. Banja lomwe linakokoleredwa nyumba ndi namondwe Freddy mu 2023 silinganene zoona mfumu ili pomwepo, poti limaopa kufufutidwa m'kaundula wa thandizo. Mantha omwewo timawaona pa mapulaimale a aphungu pamene anthu auzidwa kuti aime pamzere kumbuyo kwa yemwe akumufuna, dzuwa likuswa mtengo, wapampando akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Kumeneko si kusankha, n'kuonetsana.

Pempho langa kwa zipani zonse n'lakuti msonkhano waukulu usanachitike, mamembala a m'nthambi avote mwachinsinsi pa pepala, ndipo zotsatira ziwerengedwe poyera kuti nthumwi zinyamule zomwezo. Abusa ndi ansembe, amene mumamva zomwe anthu sanena pamsonkhano, tithandizeni kukumbutsa aphungu athu zimenezi akabwera kutchalitchi kudzapereka malata.

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito,
Ngabu, Chikwawa.