ZA PA MSEU: Galimoto Ikatitimira M'matope

 Sabata ino talandira kalata yochokera kwa mnyamata wina wa kwa Samanga amene wayamba posachedwa nchito yoyendetsa galimoto. Iye ali kunena kuti: "Bambo, ndatitimira m'matope kawiri m'mwezi umodzi, ndipo kachiwiriko ndinaotcha kalachi. A Kapitao anena kuti ndikadzachitanso, nchito yandithera. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri. Kodi ndichite chiani?"

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Usachite manyazi, chifukwa palibe dalaivala wa ku mapiri kuno amene sanatitimirepo. Yankho lako ndilipereka kwa onse, popeza alipo ambiri amene ali ndi bvuto lomweli koma sanalembe.

Poyamba tidziwe dziko limene tili kuyendamo. Chigwa cha Honde chili m'munsi mwa phiri la Nyangani, lalitali koposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592. Mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya mchere cha ku Beira ikagunda mapiri amenewa imakhuthula mvula yambiri kuyambira mu November kufikira mu March kapena April, ndipo m'nyengo yozizira kumabwera mvumbi umene eni dziko amati guti, ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje timati chiperoni. Dothi lofiira la kuno likanyowa limaterera ngati therere. Mvula yomweyi ndiyo inaitana tiyi, amene anayamba kubzalidwa ku New Year's Gift ku Chipinge mu 1924, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anafika ku Honde. Walira mvula walira matope. Miyezi ya matope ndiyo miyezi imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo tsamba lothyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, pakuti likakhalitsa m'matumba limatentha ndi kufiira. Tsono thirakitala ikagona m'dambo, thukuta la othyola onse lagona pomwepo. Ndi chimodzimodzi malole a nthochi opita ku Mbare ku Harare.

MUSANALOWE

Anthu ambiri amayesa kuti galimoto yokoka ndi magudumu onse anai singatitimire. Kumeneko nkudzinyenga. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikutitimira m'maiko onse. Chifukwa chake ndi ichi. Pakati pa magudumu awiri pali difu, imene nchito yake ndi kulola gudumu la kunja kuti lizithamanga koposa la m'kati pokhota. Pa mseu wouma nzabwino zimenezo, koma m'matope gudumu limene lili kuterera ndilo limazungulira, linzake loponda pouma lili duu. Motero mukhoza kukanika ndi magudumu awiri okha ali kuzungulira, limodzi kutsogolo, limodzi kumbuyo.

Choncho mukaona matope imani patali. Tsikani, tengani ndodo, yendani pansi ndi kuyesa kuya kwake. Miyendo sidya mafuta. Mukakhutira kuti mungadutse, konzani galimoto muli pouma. Pa Land Rover zakale mumaponda kachitsulo ka mutu wachikasu kuti magudumu a kutsogolo agwire, ndipo cha mutu wofiira ndicho cha magiya a mphamvu. Pa Land Cruiser zambiri muyenera kutsika ndi kupotoza mahabu a kutsogolo kuchokera pa Free kufika pa Lock. Mukaiwala, magudumu a kutsogolo sakoka konse ngakhale mwalowetsa giya. Ngati pali loko wa difu, tsekani musanalowe.

Phwetsani matayala pang'ono, kufika cha pa mapaundi 20, kuti aponde potambalala. Musapitirire kwambiri, tayala lingabvuke pa limu. Lowani ndi giya yachiwiri kapena yachitatu ya mphamvu, liwiro limodzi, osasintha giya pakati pa matope. Mukamva magudumu ali kuyamba kuterera, gwedezani chiongolero pang'ono uku ndi uku kuti mano a m'mbali mwa tayala alume. Pa mtsetse tsikani ndi giya yoyamba, phazi kutali ndi kalachi, mabuleki pang'ono pokha. Mukalephera chitunda bwererani chambuyo molunjika muli m'giya. Musayese kutembenuka pa phiri, galimoto ingagubuduke.

MUKATITIMIRA

Lamulo loyamba ndi ili: chotsani phazi pa mafuta. Gudumu lozungulira pamodzimodzi ndi khasu, limakumba manda a galimoto yake. Yesani kubwerera m'mbuyo pang'ono pang'ono m'mapazi momwe munadzera, kamodzi kapena kawiri. Ikakana, zimitsani injini. Kalachi amapsa pamene dalaivala amponda theka ndi kukuza moto, ndipo fungo la chopserera likafika m'mphuno ndiye kuti ndalama zayamba kupsa.

Tsitsani katundu ndi anthu. Ngati ndi tsamba la tiyi, liikeni pa mthunzi ndi kutumiza mau msanga kuti ngolo ina idzatenge. Kenaka suzumirani pansi muone chimene chagwira. Kawirikawiri difu kapena mimba ya galimoto yakhala pa dothi, ndipo magudumu ali lende. Kumbani pamenepo, kumbaninso njira ya gudumu lililonse kumbali kumene mufuna kutulukira, yotsetsereka bwino. Ikani thabwa lochindikala pansi pa jeke, chifukwa jeke wopanda thabwa amangomira yekha. Kwezani gudumu limodzi, dzazani dzenje lake ndi miyala ndi nthambi, tsitsani, pitani pa lina. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene ili pa jeke, ngakhale dzanja lokha. Nchito imeneyi imadya ora lathunthu, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Dalaivala wa ku minda asanyamuke m'dzinja popanda fosholo, khasu, chikwanje, thabwa, jeke wabwino, pampu, tochi, masaka awiri, ndi tcheni kapena lamba wokokera amene mphamvu yake yalembedwapo.

POKOKA

Apa ndipo pali imfa, ndipo ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga. Mu February 2000, masiku a namondwe wa Eline, ndinatumidwa usiku ndi Land Cruiser kukatenga mai wina wodwala pakati kumudzi wa kutali ndi mseu wa tala, kuti ndipite naye ku chipatala ku Hauna. Pobwerera, pa kakhwawa kena cha kwa Samanga, ndinatitimira. Maiyo anali kubuula kumbuyo, ine mtima unali m'mwamba, ndipo ndinaponda mafuta mpaka galimoto inakhala pa mimba. Anthu a m'mudzi anabwera ndi nyali ndi makasu. Mkulu wina anandiuza kuti, "Achimwene, dekhani, tiyambe takumba." Ine sindinamvere, pakuti ndinali nditamva kulira kwa thirakitala ili kubwera. Ndinakola tcheni pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, ndi kuuza woyendetsa thirakitala kuti abwerere pang'ono ndi kukoka mwadzidzidzi. Kampirako kanathyoka pa khosi, kanauluka pamodzi ndi tcheni, ndipo kanamenya pa ntchafu mnyamata amene anaima pakati atanyamula nyali. Fupa linathyoka. Pambuyo pake tinachita zomwe mkulu uja ananena, kukumba ndi kuika miyala, ndipo galimoto inatuluka. Ndinanyamuka ndi wodwala mmodzi, ndinafika ku Hauna ndi awiri. Mai anachira bwino ndi mwana wake, koma mnyamata uja amatsimphina kufikira lero, ndipo wolakwa ndinali ine.

Mverani tsono. Matope amayamwa. Buku la asilikali a ku America lophunzitsa kutulutsa magalimoto limawerengera kuti galimoto yomira kufika pa mahabu a magudumu ifuna mphamvu yolingana ndi kulemera kwake, yomira kufika pa madigadi ifuna kawiri, ndipo yomira kufika pa chipinda cha dalaivala ifuna katatu. Galimoto ya matani awiri ingafune matani anai kapena asanu ndi limodzi. Nchifukwa chake timayamba takumba, kuti chingwe chipeze nchito yochepa.

Musakole pa kampira kokokera ngolo, kapena pa bampala, kapena pa zitsulo za chiongolero. Kolani pa ngowe zomangidwa ndi mabauti pa chesesi. Tcheni satamuka, choncho musakoke naye modzidzimutsa. Yambani mwamkunga, ndipo kokani pang'ono pang'ono molunjika. Yalani saka lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi. Anthu onse, makamaka ana, aime kumbali, kutali koposa utali wa chingwecho. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi yekha, woonedwa ndi madalaivala onse awiri.

Inu a mathirakitala, kolani pa chitsulo chokokera cha pansi, chimene chili m'munsi mwa ekiselo ya kumbuyo. Mukakola pamwamba pa ekiselo, mutu wa thirakitala umadzuka, ndipo ikhoza kugwa chagada pa sekondi imodzi ndi theka, inu muli pansi pake. Mukaona magudumu a kutsogolo ali kunyamuka pondani kalachi nthawi yomweyo. Thirakitala yokha ikatitimira, masulani ngolo ndi kutuluka chambuyo. Musamangirire mtengo ku magudumu a kumbuyo ndi kuyesa kupita kutsogolo, pakuti magudumu akakanika kuzungulira thirakitala ndiyo imazungulira.

Amene muli ndi winchi, funani mtengo wa moyo wa mizu yolimba, mangani pansi penipeni, ndi kukulunga saka kuti musauphe. Nthochi si mtengo, ngakhale ikhale yonenepa bwanji. Popanda mtengo kumbani dzenje lakuya, kwirirani tayala la sipeya mutalimangirira chingwe, ndipo lidzagwira. Mukapitiriza chingwe pa gudumu lija amakanika amati snatch block ndi kuchibweza ku galimoto yanu, mphamvu ya winchi imakhala pafupifupi kawiri, liwiro theka. Chingwe chawaya chigwireni ndi magolovesi.

MADZI OSEFUKIRA

Matope amachedwetsa, koma madzi amapha. Mu March 2019 namondwe wa Idai anagumula mapiri, miseu ndi milatho ku Chimanimani ndi ku Chipinge, ndipo anthu oposa 300 anafa m'Zimbabwe muno. Mitsinje ya kuno, Pungwe, Honde ndi timitsinje take, imadzaza msanga chifukwa imatsika m'mapiri, ndipo mvula yogwa ku Nyangani ingadzaze mtsinje inu muli pa dzuwa. Madzi akaphimba mlatho simudziwa ngati mlathowo ulipo. Ngati simungaoloke pansi madzi ali m'munsi mwa maondo, galimoto isaoloke. Dikirani, mitsinje ya m'mapiri imaphweranso msanga. Injini ikazima m'madzi akuya musailize, chifukwa madzi akalowa m'kati zitsulo zimapindika.

MUKATULUKA

Popani matayala musanafike pa tala, ndipo chotsani giya ya magudumu anai ndi loko wa difu, pakuti pa mseu wouma zimapotokola zitsulo. Yendani pang'ono muli kuponda mabuleki mopepuka kuti aume. Pofika ku galaja tsukani matope ku mabuleki ndi ku redieta asanaume. Onani oilo wa m'difu; akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi, msintheni.

Musaiwale anthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene amatitulutsa ndi eni midzi, nthawi zina ndi ng'ombe zao. Musadule mitengo ya mwini kapena kulambalala m'munda mwake osapempha. Kwirirani maenje amene mwakumba, chotsani miyala pa mseu, ndipo thokozani ndi manja awiri. Mawa mudzadzeranso pomwepo.

Tsono iwe mwana wanga wa kwa Samanga, pita kwa a Kapitao mwaulemu, uwapemphe zida zimene ndatchula pamwambapa, ndipo uwauze malo amene pamabvuta kuti athirepo miyala. Tsiku lina ukadzaona kuti mseu waipa koposa, bwerera ukanene. Kapitao wanzeru amakondwera ndi dalaivala wobwera ndi mau koposa wobwera ndi kalachi wopsa. Undilemberenso mvula ikatha, ndimve ngati nchito ilipo.

Sabata ya mawa tidzakamba za mabuleki pa mtsetse wotsikira ku Honde. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
DALAIVALA WAKALE