Kodi Makina Oyesa Bodza Ndi Mboni Yokhulupirika?

Ana athu a ku Angónia ndi ku Tsangano amene akugwira ntchito ku Joni, makamaka ya ulonda ndi ya m'masitolo, amakumana ndi makina otchedwa polygraph. Katundu akasowa, bwana amaitana katswiri woyesa, ndipo wantchito amamangidwa malamba pachifuwa ndi pamkono, timawaya ku zala, nayamba kufunsidwa.

Makina amenewa saona bodza ayi. Amangolemba kapumidwe, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi ndi thukuta la m'zala. Wotanthauzira zolembedwazo ndi munthu. Nanga ndani amene sanjenjemera pofunsidwa za kuba, m'chinenero cha eni, ali kutali ndi kwawo, chakudya cha ana ake chili pa yankho lakelo? Mantha a wosalakwa ndi mantha a wakuba amalembeka mofanana. Ndipo wouma mtima amatha kupulumuka. Aldrich Ames, wantchito wa CIA amene ankagulitsa zinsinsi za dziko lake ku Moscow, anayesedwa mu 1986 ndi mu 1991 osagwidwa. Anamangidwa mu 1994, atatulukiridwa ndi njira zina.

Ku America komweko, kumene John Larson anapanga makinawa mu 1921, khoti lina linakana umboni wa mtundu umenewu kale mu 1923, ndipo lamulo la 1988 linaletsa makampani ambiri kuyesa nawo antchito awo. Ku South Africa saletsedwa, koma zotsatira zake pazokha sizikwanira kuchotsera munthu ntchito. Pafunika umboni wina. Wochotsedwa mosayenera ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA. Makolo, auzeni ana anu zimenezi polankhula nawo pa lamya.

Chondivuta ine kwambiri chili kunyumba kuno. Mnyamata akabwerera atachotsedwa, mbiri imatsogola yakuti "makina anamugwira," ndipo m'mudzi monse, ngakhale m'kwaya momwe, amasanduka mbala. Makolo athu ankakhulupirira mwavi chomwecho, kuti sunama, ndipo unatha anthu ambiri osalakwa. Mpingo unaukana mwaviwo. Tiulandire lero chifukwa wabwera ndi mawaya a magetsi?

Lamulo la pa Deuteronomo 19:15 silola kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha, ndipo makinawa sakwanira ngakhale mboni imodziyo, pakuti sanaone kanthu pamene katunduyo ankasowa. Nkhani yotere ikafika ku bwalo la akulu a mpingo, afunse amene anaona, afunse kumene katunduyo anapezeka, ndipo amumve mwini wakeyo asanamuimike ku Mgonero wa Ambuye.